Mayina Khumi ndi Limodzi Pakati pa Zithunzi za Ukwati

Panali munthu wina, Kaputeni Belarmino Nchumali, amene sankasiyanitsa kusunga ndi kusungitsa. Ambiri a inu simusiyanitsanso, choncho ndiyambe ndakonza. Kusunga n'kukhala nacho chinthu m'manja mwako. Kusungitsa n'kuchipereka kwa wina kuti akusungire. Mukamati "ndasunga pa mtambo" mumalakwitsa. Mwasungitsa pa makompyuta a munthu wina, ndipo muyenera kufunsa kuti munthuyo ndani, nanga amatsegulira yani.

Kaputeniyu ankagwira ntchito pa kampu ina ya asilikali kuno kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zimazunza midzi. Asilikali anali ndi mtambo wawowawo, wotetezedwa. Wolowamo ankafunika khadi ndi chidindo cha chala, ndipo foni iliyonse inkasiyidwa m'bokosi pakhomo pa chipinda cha makompyuta. Mumtambomo munali mayina a anthu khumi ndi mmodzi a m'midzi amene ankatsina khutu asilikali za mayendedwe a zigawenga. Pamisonkhano anthuwa ankatchulidwa ndi mayina a mitengo.

Mlambe anali Mayi Atija Sumail, mzamba. Ndiwo anaulula za bomba lokwiriridwa pamsewu, galimoto yodzaza asilikali n'kupulumuka. Sanafune mphoto. Anangopempha kuti, "Dzina langa lisatuluke m'chipinda chanucho. Ndikulera adzukulu." Kaputeni analonjeza.

Tsiku lina pamsonkhano iye anasokoneza Mlambe ndi Mbawa, akuluakulu ake namuseka. Manyazi amenewo ndiwo anayambitsa zonse. Lachisanu analowa m'chipinda muja foni ili m'sokosi. Sajeni Zainabo Anlaue, mayi woyang'anira makompyuta, anamupezerera akujambula mndandanda wa mayinawo.

"Bwana, foni siloledwa muno."

"Iwe, ndinayamba kuvala yunifolomu usanamere mano. Ungandiphunzitse chiyani?"

"Foni yanuyo imakweza yokha chithunzi chilichonse ku mtambo wa kampani, bwana. Umenewo si wathu."

"Mtambo ndi mtambo. Wanuwu uli ngati apongozi, mafunso kuyambira pakhomo. Wangawu umandidziwa."

Sajeni analemba lipoti. Lipotilo linayenera kudutsa pa tebulo la Kaputeni yemweyo, ndipo linathera m'dirowa.

Loweruka mwana wamkazi wa Kaputeni anakwatiwa ku Nampula. Lamlungu bamboyo anasankha zithunzi zonse za Lachisanu ndi Loweruka osaziyang'ana, n'kuziika pamodzi, n'kutumiza linki ku gulu la achibale oposa zana. Linkiyo inali yotsegukira aliyense woilandira. Achibale anatumizira anansi, anansi anatumizira anzawo a kutchalitchi ndi a kumsika.

Lolemba m'mawa Sajeni analandira linkiyo kuchokera kwa telala wake. Pakati pa chithunzi cha keke ndi cha mkwatibwi anapeza mayina onse aja, mudzi wa aliyense uli pambali. Anathamangira ku ofesi ya Kaputeni.

"Bwana, tumizani magalimoto lero. Anthu aja achotsedwe m'midzi."

Kaputeni anadina foni yake kawiri. "Ndafufuta. Nkhani yatha."

"Mwafufuta chanu. Nanga amene anakopera kale?"

"Ndani angawerenge mayina pali mkwatibwi wokongola chonchi? Ukatsegula pakamwa, udzalondera pageti mpaka udzapume pa ntchito."

Sajeni anapitabe kwa mkulu wa kampu. Mkuluyo anaitana Kaputeni, ndipo Kaputeni analumbira kuti chithunzicho chinaonedwa ndi mkazi wake yekha. Anawonjezera kuti Sajeni ndi wamantha, "monga akazi onse." Bodza limenelo linadya masiku atatu. Magalimoto ananyamuka Lachinayi.

Zigawenga zinafika kumudzi kwa Mayi Atija Lachitatu masana, tsiku la msika. Chimodzi mwa izo chinakwera pa benchi ya nsomba zouma, foni ili m'manja, n'kumaitana mayina ngati mphunzitsi m'kalasi. Atatu mwa anthu aja anali pamsika pomwepo. Mmodzi anali Mayi Atija, amene anali atangothandiza kumene mayi wina kubereka, n'kupatukira kumsikako kukagula sopo. Onse atatu anaphedwa anthu akuona. Otsala asanu ndi atatuwo anasamutsidwa mawa lake, kusiya minda ndi nyumba zawo.

Ku khoti la asilikali Kaputeni anafika yunifolomu ili yosita bwino, n'kuyamba kulankhula monga amalankhulira anthu othawa mlandu.

"Chithunzi chinajambulidwa. Linki inatumizidwa. Zolakwika zinachitika."

Taonani ziganizo zimenezo. Mneni alipo, wochita palibe.

Mwana wamkazi wa Mayi Atija, dzina lake Muanassa, anaimirira kumbuyo kwa khoti. "Chinajambulidwa ndi yani, bambo inu? Ndi mphepo? Mayi anga munawalonjeza ndi pakamwa panu pomwepo!"

Alonda anafuna kumukhazika pansi, koma woweruza anakweza dzanja.

"Funso lafunsidwa, Kaputeni. Malizani chiganizo chanu. Chinajambulidwa ndi yani?"

Kaputeni anayang'ana nsapato zake. "Ndi ine."

"Linki inatumizidwa ndi yani?"

"Ndi ine."

"Mkulu wa kampu ananamizidwa ndi yani?"

Woweruza anafunsa kawiri yankho lisanamveke. "Ndi ine, bwana."

Anamuthothola nyota paphewa n'kumugamula kuti akakhale kundende zaka khumi ndi ziwiri. Gawani nokha: zaka zinayi pa munthu aliyense. Adzukulu a Mayi Atija adzakhala asanamalize sukulu iye akadzatuluka.

Phunziro: Lamulo limene limakuchedwetsani pakhomo linaikidwa pofuna kuteteza munthu amene mwina simudzamuona n'komwe. Wamng'ono akakuchenjezani, yezani mawu ake, osati nyota zake. Ndipo mukalakwa, ululani ola lomwelo, magalimoto akadali ndi nthawi yofika. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ntchito yake imamupatsa mayina a anthu ena, ndipo muitumize monga ilili, osadula mawu. Chigamulocho chinaperekedwa Lachinayi, pa 14 Marichi 2024.