Mazira a M'ndowa ya Nasimango

Nasimango sankakhulupirira madzi aliwonse asanaviikemo chala n'kulawa, ngakhale a mumtsuko wake womwe.

Lamulo la gulu lawo la alimi a nsomba linali lakuti banja losapereka mazira ogona a tizilombo tam'madzi, chakudya cha tiana ta nsomba, lilandidwe dziwe. Awa ndi mazira amene amasungika ali ouma n'kudzaswa akathiridwa madzi. Kunatsala masabata awiri, koma m'ndowa zawo munalibe dzira ndi limodzi lomwe. Amuna ake, a Likongwe, ankadyetsa tizilomboto yisiti ngati alendo.

"Koma ndiye tizilomboti taswana bwino, mayi!" anatero monyadira.

"Wokhuta saganiza za mawa, bambo. Mazira ogona amabwera tizilomboti tikaona mavuto."

Nasimango anakhuthulira tonse m'ndowa imodzi kuti tithithikane, anasintha mchere wa madziwo mpaka lilime litavomera, kenako anatimana chakudya. A Likongwe ankangoyenda chozemba, osafuna kuona nkhanzazo.

Patapita masiku khumi, pansi pa ndowa panadikha tinthu tofiirira ngati fumbi la njerwa. Anali mazira ogona aja.

"Ndiye dziwe lapulumuka?" anafunsa a Likongwe.

"Lapulumuka. Koma kokapereka ndipita ndekha. Inu mungawamvere chisoni panjira, n'kuwathirira madzi, aswe."

Nasimango anaumitsa mazirawo pamthunzi, anawakulunga m'kansalu kakuda, n'kuwalonga m'chikwama pamodzi ndi chitenje chosinthira.