Zasungika Zonse

Disiki ya seva, kompyuta yaikulu ya mu ofesi, inafa Lachiwiri m'mawa. Inayamba ndi kugogoda ngati wotchi, kenako zii. A Mawaya anaizula, anaiika pakhutu, anaigoneka pa tebulo.

"Yapita," anatero.

Mayi woyang'anira ofesi anali ataima pakhomo la kachipinda ka makinako. Ofesiyo inali ya anthu oyeza malo, ndipo mapu onse a minda ndi mapuloti anali m'disiki imeneyo. Mapepala anasiya kalekale kusunga. Lachisanu khoti linkafuna mapu a munda wa mayi wina wamasiye, womwe unayezedwa chaka chatha. Popanda mapuwo, alamu ake akanaulanda.

"A Mawaya, musandiimitse mtima. Mwati yapita?"

"Yapita. Koma zinasungika."

"Kuti?"

Analoza ndi chibwano makina ena otuwa, akale, omwe ankalira chapansipansi pansi pa shelefu.

Seva ija a Mawaya anaiyala ndi malemu akazi awo. Mayiwo ndiwo ankadziwa Linux, pulogalamu yoyendetsa sevayo, ndiwo ankalemba malamulo pa sikirini yakuda. A Mawaya ntchito yawo inali ya manja: mafani, mabatire, mawaya, ndipo dzina linachokera pomwepo. Zaka khumi ndi ziwiri anagwira ntchito m'kachipinda kamodzi, madesiki atayang'anizana.

Mayiwo analemba kapulogalamu kokopera mapu onse mu foda ina m'mawa uliwonse. Ankati foda imeneyo ndi khomo chabe, nyumba yake ndi disiki yachiwiri yomwe ili kuseri. "Koma khomo ili ndi lopusa, bambo," anatero tsiku lina akuseka. "Nyumba itachoka silinganene. Katundu angamangounjikana pakhonde, m'disiki yomweyi." A Mawaya anangogwedeza mutu, maso ali pa fani yomwe ankapukuta. Za pa sikirini sizinali zawo.

Kapulogalamuko kakamaliza kankatumiza uthenga pa foni ya a Mawaya, seveni koloko ndendende: "Zasungika zonse. Mwadya kanthu?"

Mayiwo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Uthenga sunasiye kubwera.

Patatha sabata chiikireni maliro, a Mawaya anachotsa zonse pa desiki ya akazi awo: kapu, magalasi, kope lachikuto chofiira, ndi kabokosi kakuda komwe mayiwo anamatapo chithunzi cha mdzukulu. Anaganiza kuti m'kabokosimo muyenera kukhala zithunzi za ana. Anakulunga zonse mu mpango wa malemuwo, nakhomera m'dirowa. Kopelo sanalitsegule. Kuona zolemba za dzanja lija sakanatha.

Kuyambira pamenepo makina otuwa aja anawasamala ngati wodwala. Seva inali pamwamba, iwo pansi pake, waya mmodzi atalumikiza zonse ziwiri. Nanga disiki yachiwiri ikanakhala kuti? Anawasinthira fani katatu. Magetsi akazima, batire labwino linkapita kwa iwo. Denga litadontha, anawafunditsa jekete lawo lomwe.

Kawiri konse mayi woyang'anira anabweretsa akatswiri akunja. Onse ananena chimodzimodzi: tiyese kubweza fayilo imodzi, tione ngati zosungazi zikugwiradi ntchito.

"Chikuyenda," anatero a Mawaya. "Musachigwire."

Anawaonetsa foni. Mauthenga anali m'ndandanda, tsiku ndi tsiku, opanda mpata. Akatswiri anayang'anana, ananyamula zikwama zawo.

Ngakhale Lachiwiri lomwelo uthenga unali utabwera, ola limodzi disiki isanafe.

Tsopano anatenga disiki yatsopano m'kabati, anaimanga, analowetsa Linux. Ntchito yomanga inatha isanakwane leveni. Mayi woyang'anira anali atakhala pa mpando wa malemuwo, womwe munthu sankakhalapo. A Mawaya anaona, napitiriza ntchito yawo.

"Kodi nkhope imeneyo ndi ya masiku onse, kapena ndiyambe kulira?" anafunsa mayiyo.

"Ya masiku onse."

"Zikabwerera zonse ndikuphikirani tiyi ndi manja angawa. Mayi wamasiye uja waimba kale kawiri."

"Muuzeni adikire."

Chinatsala n'kulowa m'makina otuwa ndi kukoka mapu. Analumikiza sikirini ndi kiyibodi. Makina anafunsa pasiwedi. A Mawaya anayesa tsiku la ukwati wawo, anakanidwa. Anayesa dzina la mdzukulu, anakanidwanso. Anachotsa zala pa kiyibodi.

"Simukuidziwa?"

"Analemba penapake."

Anatulutsa kiyi m'thumba. Dirowa inakana pang'ono, kenako inatseguka. Mpango unali momwe anausiyira, fungo la mafuta odzola litatheramo. Anamasula mfundo. Kapu, magalasi, kabokosi kakuda, waya wake atakulungidwa bwinobwino monga a Mawaya amakulungira mawaya onse. Pansi pake kope lofiira.

A Mawaya anavala magalasi awo owerengera. Tsamba loyamba linali ndi zilembo zopendekera zija. Anatsata ndi chala mpaka anapeza mzere wa makina otuwa.

"Mwaipeza?" anafunsa mayi woyang'anira, ataimirira kale.

A Mawaya anawerenga kawiri. "Makina otuwa: a pulinta yosindikizira mapepala basi. Disiki yachiwiri yosunga mapu: kabokosi kakuda pa desiki yanga. Osakazula ngakhale tsiku limodzi."