Maselo a Mng'ono Wake

"Kafukufuku watha, athireni mankhwala afe," anatero pulofesa uku akuvula magulovesi.

Wasayansi amene ankamuuzayo anali atanyamula kambale kagalasi m'manja. M'timadzi tofiirira ta m'kambalemo munali maselo ochokera m'chotupa cha mng'ono wake, amene anamuika m'manda mwezi wathawu.

"Mwaona nokha," pulofesayo anapitiriza. "Puloteni ya kachilombo koyambitsa khansa yagwira pakhosi majini, malangizo achibadwa olamulira maselowa, ndiye abwerera ku ukhanda. Sakhwima, safa, akungoswana. Ameneyu si m'bale wanu, mayi. Ndi matenda."

"Ndikudziwa, bwana."

Wasayansiyo anaika kambaleko pa makina okuzira tinthu ting'onoting'ono n'kusuzumira. Selo limodzi linali litaning'a pakati, likufuna kugawika pawiri. Mng'ono wake anamwalira atatsala mafupa okhaokha, koma maselowa anali onenepa, onyezimira.

Foni inalira m'thumba. Anali amayi ake.

"Mwanawe, paja unati kanthu kake kanatsala kuntchito kwakoko. Kali bwanji?"

Anapana foniyo ndi phewa, natsegula botolo la mankhwala. Fungo lake linamulasa m'mphuno.

"Kakukula, amayi."

"Zikomo Ambuye," anatero amayiwo. "Uzikasamala."