Mzere Umene Unatsala Kuseri kwa Thanki

Panali bambo wina wowotcherera zitsulo amene anakwatira n'kubweretsa mkazi wake pakhomo pa mayi ake. Amene anandiuza nkhaniyi amatunga nawo madzi pampopi umodzi, ndiye akuti zinachitikadi.

Mayi akewo ankalima tomato kuseri kwa nyumba. Mkaziyo atangofika anapeza mbande zakula kale pa nazale. Apongozi akewo anamupatsa khasu ndi keni yothiririra.

"Wokera, tione ngati kwanu anakuphunzitsa ntchito."

Iye anawokera madzulo dzuwa litapepa, n'kuthirira. Patapita masiku ochepa masamba am'munsi anasanduka achikasu, ena kufota. Apongozi anaima m'mundamo manja ali m'chiuno.

"Chikhalire ine sindinaphepo tomato. Wawatani?"

"Amayi, amatero akangowokedwa. Mizu sinagwire. Onani kunsongaku, kuli kobiriwira. Tingodikira."

"Wabwera dzulodzuloli ukundiphunzitsa munda wanga? Dzanja lako ndi loipa."

Kuyambira tsikulo chilichonse chinali dzanja lake. Nkhuku ikafa, dzanja lake. Babu likapsa, dzanja lake. Mkaziyo anasiya kuyankha. Ankadya ataimirira kukhitchini, mbale n'kutsuka yekha mwakachetechete. Tsiku lina mwamuna wake akuvula nsapato za kuntchito, mkaziyo anamuuza kuti, "Inu, auzeni amayi adikire pang'ono. Mbande zija zidzuka."

Bamboyo anati, "Ine ndatopa ndi moto wa kuntchito. Za masamba mukambirane nokha."

Mawa lake apongozi anazula mbande zonse n'kutaya kudzala. Mzere umodzi wokha unatsala kuseri kwa thanki ya madzi, chifukwa msana unawapweteka asanafikeko. Kenako anaika chikwama cha mkaziyo pakhonde.

"Kapume kaye kwanu. Pano zinthu zikutha."

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake. Iye ankayang'ana foni. Mkaziyo sanalire ayi. Anatsuka keni ija, n'kuipachika pamsomali pake, n'kunyamula chikwama.

Apongozi anakagula mbande zina kumsika, n'kuwokera okha ndi dzanja lawo labwinolo. Sabata isanathe, masamba am'munsi achikasu mbuu, chimodzimodzi. Bamboyo popita kukatunga madzi osamba anaona mzere uja kuseri kwa thanki. Unali utabiriwira, mitengo yonenepa, maluwa atayamba. Palibe amene ankausamala, unkangomwa madzi odontha pampopi wa thankiyo.

Anaitana mayi ake. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinaiwala kuti amatero. Zaka zonsezi amene ankawokera ndi malemu bambo ako. Ine ndinkangothyola."

Bamboyo sanapite nthawi yomweyo, manyazi anamugwira. Anadikira mpaka tomato wa mzere uja atapsa, n'kuthyola m'beseni, ulendo kwa mkazi wake. Anamupeza akuchapa, mimba ikuoneka ndithu. Iye sankadziwa n'komwe kuti mkaziyo pochoka paja anali woyembekezera.

"Ndabwera kudzakutenga. Amayi akuti unkanena zoona. Uyu ndi tomato wako uja."

Mkaziyo anapukuta manja pasiketi, anatenga mmodzi, n'kumutembenuza. "Wabereka bwino. Ikani pamthunzi apo, angaphwanyike."

"Nanga zobwerera?"

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti mudikire. Tomato mwamudikira mpaka wapsa. Ine simunandidikire." Anabwerera pa zochapa zake. "Mwana akabadwa adzakuuzani achimwene anga. Beseni mutenge, ndi la amayi anu."

Bamboyo anakhuthulira tomato pansi pamthunzi, n'kubwerera ndi beseni lopanda kanthu. Mpaka pano amakhala awiri ndi mayi ake. Akuti m'nyumbamo salankhulana kwambiri.

Phunziro: Mbande zikachita chikasu mutangowokera musathamangire kuzula. Yang'anani kunsonga, thirirani mosapitirira, dikirani mizu igwire. Munthu amene wangolowa kumene pakhomo panu mumupatsenso nthawi chimodzimodzi. Ndipo abambo, mkazi akakupemphani kuti mumulankhulire kwa amayi anu, ikani foni pansi. Tumizirani ena, makamaka amene ali ndi mlendo m'nyumba chaka chino.