Kufufuza Mkamwini pa Chigayo

Masiku ano chinkhoswe sichichitika makolo a mtsikana asanafufuze milandu ya mnyamata pa makina a khoti amene ali pa chigayo. Vuto lake ndi loti makinawo amayamba alengeza milandu ya wofunsayo, mokweza.

Nachisale anakokera amuna awo, a Chikuse, kumeneko kukafunsa za Ganizani, yemwe ankafunsira mwana wawo Mwatitha.

"Dindani chala pa makinawa, bambo," anatero Nachisale.

"Chatupa, mayi. Dindani inuyo."

"Lamulo likufuna chala cha bambo wa mwana."

Mwini chigayo anazimitsa injini kuti amve bwino. A Chikuse anadinda.

"Lufeyo Chikuse anaba mbuzi, ndipo anakhala kundende miyezi iwiri," anatero makinawo. "Ganizani Mbewe alibe mlandu uliwonse."

Amayi odzagayitsa anagwa nalo phwete. Nachisale anangoti chinkhoswe chichitike Loweruka, nauyamba wakunyumba. Atadutsa mjigo anatembenuka.

"Miyezi ija munkati mukudwazika amalume anu ku Ntcheu?"

"Eya."

"Ndiye mbuziyo ndi ija tinadya pa ukwati wathu?"

A Chikuse anakanda m'mutu. "Komatu chiwindi chake munadya nokha, mayi, osandigawira."