Khutu la Pakhoma ndi Pepala la Anankafumbwe

Chiyambire kulemba pepala lake la kafukufuku wa anankafumbwe, Eluby ankakhala ndi khutu la makina pakhoma la pabalaza. Anadzalikhoma ndi eni magazini ya akatswiri a zaulimi, ndipo lamulo lake linali limodzi: aliyense wonena mfundo m'nyumbamo, wolemba n'kuivomera, dzina lake lilowa papepalapo.

Mwamuna wake anazolowera kukambira nkhani kuseri kwa bafa. Ana akafuna kanthu ankangoloza ndi chala. Koma apongozi ake, a Nasibeko, amene kale sankapondamo m'nyumbamo, tsopano ankafika m'mawa uliwonse n'kukhala pansi pa khutu penipeni.

"Phulusa la zitsononkho ndiye limapha anankafumbwe msanga," ankatero mokweza, ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. "Si choncho, apongozi?"

Eluby ankakukuta mano. Zimenezo anazipeza yekha atazungulira nkhokwe makumi anayi. Kodi mayiwa anasuzumira m'kope lake? Nanga za lamuloli anawauza ndani? Koma apongozi akafunsa, munthu sungangokhala duu.

"Inde, amayi," ankayankha chapansipansi.

Tsiku lotumiza pepala, Eluby atadina batani, khutu lija linalengeza: "Olemba ndi awiri. Woyamba ndi Nasibeko, mfundo zovomerezedwa khumi ndi zinayi."

Eluby anacheukira mwamuna wake, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi zingwe za nsapato. Pakhomo panali pataima a Nasibeko, atavala chitenje chatsopano, duku atamanga kale.

"Paja amafunanso chithunzi," anatero. "Ndiime pati?"