Mlosi wa Mvula wa ku Luembe

Dokotala Hilary Mukela anali atakhala ola lathunthu pabwalo la a Fabian Daka, kope lili pamwendo, koma mwini khomo anali asanayankhebe.

Mukela anali katswiri wa zanyengo pa yunivesite ina ku Lusaka. Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Okutobala aliyense, ankabwera kuno ku Luembe kudzafunsa mlimiyu funso limodzi: mvula yobzalira igwa liti? A Daka ankayang'ana masamba a mlambe, kulondola nyerere, kununkhiza mphepo, kenako n'kutchula sabata. Chaka chilichonse sabatayo inkafanana ndendende ndi imene makompyuta a Mukela anali atapeza kale.

Kufanana kumeneku ndi kumene kunam'pangira dzina. Anali atalembapo mapepala a kafukufuku khumi ndi anayi, onse otsimikiza kuti nzeru za makolo n'zodalirika ngati sayansi. Akatswiri anzake oposa mazana asanu anali atam'tchula m'zolemba zawo. Ophunzira a kumayiko ozizira, oti sanalawepo malambe, ankalemba mayeso okhudza mlambe wa a Daka. Mwezi wotsatira komiti inkayembekezeka kukhala pansi kuona ngati Mukela akuyenera kukhala pulofesa, ndipo pepala lakhumi ndi chisanu linkangosowa yankho la chaka chino.

A Daka anazungulira mlambe kawiri. Anatapa dothi, kulifikitsa pamphuno, n'kulitaya. Anati masamba akunena zawo, nyerere nazo zikunena zawo. Anapempha kuti Dokotala abwerenso sabata yamawa.

Mukela anafotokoza mwaulemu kuti Lusaka si kuseri kwa nkhokwe, ndipo komiti siidikira munthu. Anafunsa ngati zizindikiro zinayamba zatsutsanapo chotere. A Daka anati sizinachitikepo. Anakhala pampando wawo n'kumayang'ana zala zakumapazi.

Poyamba Mukela anaona ngati pepala lake lafera pomwepo. Kenako anaganiza bwino, ndipo nkhope yake inawala. Nkhani inali yoonekeratu. Nyengo inali itasintha mpaka kusokoneza mlambe womwe, mpaka kutseka pakamwa mlosi amene sanaphonyepo. Limeneli linali pepala lalikulu kuposa ena onse aja. Analemba mutu wake pamwamba pa tsamba, n'kuudula mzere kunsi kawiri.

Atatero anatonthoza mkuluyo. Anati asachite manyazi, vuto si lawo, dziko lonse likutentha. Anatchula mafakitale a kutali ndi madzi oundana amene akusungunuka. A Daka ankangogwedeza mutu.

Amai Vivian, akazi awo, anali pakhonde kusenda nshawa, kapena kuti mtedza, ndipo anali atamva zonse. Mbewu inali itagulidwa, munda utasosedwa, anthu a m'mudzi akubwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa amuna awo tsiku lobzala.

"Auzeni chabe, atate ake Rachael," anatero osadzutsa mutu.

A Daka anatsokomola pang'ono.

"A Dokotala, wailesi yathu inafa mu Ogasiti. Zaka zonsezi timayamba tamva imwe mukulengeza za mvula pa wailesipo mu Seputembala. Za mlambe timangoikapo poti mumazikonda." Anasendeza mpando pafupi. "Lomba tiuzeni, tibzale liti?"